Makosi a Che Bakali

Anthu onse ku Mangochi kuno akamapereka moni amafunsa za thupi lonse, koma Che Bakali ankafunsa za khosi lokha. Mukakumana pamsika, salamu isanathe n'komwe, maso awo amakhala atafika kale kuseri kwa makutu anu, kenako mumve: "Khosi ladzuka bwanji?" Mukayankha kuti ladzuka bwino, ankapukusa mutu mwachisoni n'kufunsa kuti kompyuta yanu munaiika pati. Wopanda kompyuta ankafunsidwa za TV, wopanda TV ankafunsidwa za foni, ndipo palibe amene ankapulumuka. Kwa Che Bakali matenda onse a m'boma lino, kuyambira mutu, msana, mpaka mikangano ya m'banja, ankachokera pa chinthu chimodzi: sikirini yoikidwa pamwamba kwambiri kapena pansi kwambiri.

Ndinene pachiyambi pomwe kuti musadzati ndinakubisirani. Ine bambo amenewa ndinkawachitira nsanje, ndipo imfa yawo sinandichiritse. Ndine Jaffalie, kalipentala wa kuseri kwa depoti. Theka la matebulo a m'maofesi a tauni ino linatuluka m'manja mwangamu, ndipo mabedi anga agonedwa kuyambira kwa Mpondasi mpaka ku Makawa popanda ngakhale limodzi lothyoka. Koma sindinamvepo dzina langa likutchulidwa m'minibasi. Che Bakali, munthu amene sankatha kukhoma msomali mowongoka, mpaka lero akungotchulidwa ngati anamanga mlatho wa pa Shire ndi manja awo.

Poyamba anali telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti. Kenako anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri kuno. Anzawo pobwerera amabwera ndi njinga yamoto, firiji kapena malata, ndiye tsiku limene iwo anafika abale anasonkhana kudzaona katundu. M'chikwama munatuluka chitsulo chimodzi chopindika, chokhala ndi zigongono ziwiri. Akazi awo, mayi Abiba, anachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati chinali chidutswa cha njinga yamoto imene ikubwera pambuyo. Che Bakali anafotokoza kuti ayi, limeneli ndi khosi la kompyuta. Umalimangirira kutebulo, sikirini n'kuikoleka kumapeto kwake, ndipo munthu amaikweza, kuitsitsa kapena kuikokera pafupi mmene wafunira. Ku Joni ankasesa m'sitolo yogulitsa zimenezi, ndipo akuti tsiku limene anaona sikirini ikutsatira munthu m'malo moti munthu azitsatira sikirini, anazindikira chimene Mulungu anawalengera. Mayi Abiba anangolowa m'nyumba n'kukagona masanasana.

Khosi la ku Jonilo sanaligulitse, linali chitsanzo. Anapita nalo kwa Davide, wowotcherera zitsulo amene makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, n'kuyamba kupanga awoawo. Chilichonse chokwera ndi kutsika m'tauni muno chinasowa mtendere. Anyamata a kabaza anaphunzira kusasiya njinga pafupi ndi Che Bakali, chifukwa ankayang'ana chitsulo chokwezera chishalo ndi maso a njala. Mipando yothyoka ya m'mabebashopu, masipuling'i a njinga zamoto, zomangirira injini ya boti, zonse zinkathera kwa Davide n'kutuluka zili makosi. Kunena zoona anali onyansa. Utoto wake unali wotsala kwa opaka maboti, ndiye ena anali abuluu, ena ofiira, ena theka ndi theka.

Utelala sunawachoke. Sankakhulupirira kuti anthu awiri angafanane, choncho asanamange khosi ankayamba ayeza mwini wake, koma osati ndi tepi. Ankangoti, "Khalani mmene mumakhalira," chifukwa munthu akadziwa kuti akuyezedwa amadziwongola ngati msilikali. Ankadikira mpaka mutatopa n'kubwerera ku kakhalidwe kanu kenikeni. Kenako ankanyonyomala patsogolo panu, kumakwera ndi kutsika pang'onopang'ono mpaka maso awo atalunjikana ndi anu, n'kukuyang'anani nthawi yaitali osaphethira. Pamene pali maso awopo m'pamene pankafika mutu wa sikirini. Kwa ife amuna zinali zongoseketsa. Koma kwathu kuno mwamuna sayang'ana mkazi wa mwini m'maso choncho, ndipo mavuto athu tonse anayambira pamenepa.

Mbiri yawo inayambira paofesi ina paboma. Panali kalaliki amene sikirini yake inakhala pamwamba pa mitolo ya mapepala ndi njerwa, moti anthu a pamzere ankangomva mawu, nkhope osaiona. Alipo amene anamwalira asanaione. Che Bakali anapita kukasainitsa zawo, anapirira pamzere pang'ono, mtima n'kuwakanika. M'mawa mwake anabwera ndi khosi labuluu n'kulimanga ulere. Sikirini itatsika, mzere wonse unaona kwa nthawi yoyamba kuti mkulu uja akamati netiweki yavuta amakhala akudya mandasi. Anadandaula kuti amuvula pagulu, koma Che Bakali anamuonetsa kuti ubwino wa khosi ndi womwewo, akhoza kulikweza yekha akafuna. Kuyambira pamenepo anthu ankangosuzumira pakhomo. Sikirini ikakhala pansi ankalowa, ikakhala m'mwamba ankapita kaye kumsika. Tauni yonse inati Che Bakali aiwombola ku mizere yopanda phindu.

Ngakhale zolakwitsa zawo zinkawabweretsera ulemu, ndipo chimenechi n'chimene chinkandidya kwambiri. Ku Monkey Bay mwini vidiyo sho wina anagula TV yaikulu yoonetsera mpira, yolemera moti chitsulo cha chishalo sichikanaitha. Che Bakali anaikhazika pa jeke ya lole. Chimene sanadziwe n'chakuti jekeyo inkadontha mafuta. Mpira utayamba, TV inayamba kutsika pang'onopang'ono, anthu nawonso n'kumatsika nayo osazindikira. Pofika pa hafu taimu anali atawerama, wezulo yomaliza ikulira anthu onse anali atagona chafufumimba pansi pa mabenchi, asodzi ndi asilikali a pamadzi pamodzi. Mukuganiza kuti alipo anadandaula? Anatuluka akunena kuti sanaonerepo mpira momasuka chonchi. Ine mwendo wa mpando ukangogwedera pang'ono, mwini wake amaubweza pa kabaza akunditukwana njira yonse.

Atamaliza maofesi analowa m'makomo. M'nyumba zambiri kuno TV imakhala pamwamba pa kabati, kuti abambo ali pasofa aione bwino ndiponso ana asaigwire. Amayi amakhala pamkeka, ndiye amaonera chogadamika. Makabati amenewo ndinkapanga ndine, aataliatali, agalasi, ndipo palibe anadandaulapo. Che Bakali anayamba kulalikira kuti amayi a Mangochi makosi awo akhala ngati a nkhuku ikamamwa madzi, ndipo n'chifukwa chake amadzuka okwiya. Anapanga khosi lomangirira kukhoma, loti abambo akangotuluka, mayi akhoza kuikoka TV ndi dzanja limodzi mpaka ifike pamkeka. Amayi anayamba kuuzana pachitsime ndi kumisonkhano yawo. Amuna tinkabwera kunyumba n'kupeza TV ili m'mawondo, nyumba yonse ikuseka, ndipo palibe amene akukumbuka kuti mwini nyumba wafika.

Pabwalo la bawo nkhani inali imodzi. Wina anati mkazi wake akumawatchula Che Bakali popemphera, pambuyo pa makolo ake koma patsogolo pa iye. Wina anati anapeza mkazi wake atawaphikira mpunga wa nazi Lachiwiri wamba, pamene iye mpunga wa nazi amauona pa Idi pokha. Tinkagwirizana kuti munthu ameneyu tikambe naye, koma akangotulukira ndi kachikwama kawo ka masipanala, aliyense ankayang'ana m'maenje a bawo. Ine ndinkaseka nawo chifukwa ndinkayesa kuti kwanga sikudzafika.

Mkazi wanga Hidaya amataipa. Chipinda chakutsogolo kwa nyumba yathu ndi ofesi yake, ndipo amalemba makhadi a ukwati, mayeso a masukulu ang'onoang'ono ndi makalata ofunsira ntchito. Kompyuta anamugulira ndi mwana wathu Zena, koma tebulo ndinapanga ndine, la mbawa yeniyeni, lokhala ndi kashelefu kumbuyo koikapo sikirini. Ine si munthu wa mawu okoma. Zonse zimene ndinalephera kumuuza Hidaya pa zaka zathu zonse za ukwati ndinaziika m'tebulo limenelo, ndipo ndinalipala mpaka munthu ankadziona nkhope.

Kenako Hidaya anayamba kudandaula mutu, ndipo ntchito inayamba kumulakwika. Khadi lina linatuluka dzina la mkwati litasokonekera, akuchimuna n'kubwera kudzalalata pakhomo. Sanandiuze kanthu, anangotumiza mawu kwa Che Bakali. Masana ena ndikubwera kudzadya, ndinapeza bambo aja atanyonyomala patsogolo pa mkazi wanga, akumuyang'ana m'maso. Ndinali nditawaonapo akuyeza anthu ambiri, koma sanatengepo nthawi yaitali ngati tsiku limenelo. Kenako analankhula kanthu motsitsa mawu, Hidaya n'kuweramitsa mutu. Atandiona anandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za khosi langa, n'kutulutsa choboolera. Ndinaima pakhomo panga pomwe n'kumaonerera munthu akuboola mbawa yanga. Kashelefu kanga anakayamikira kuti n'kokongola, n'kunena kuti kangakhale bwino kuikapo maluwa.

Kwa anthu ena Che Bakali ankapita kamodzi, kumanga khosi, basi. Kwanga sikunathe. Mwezi usanathe ndinkapeza njinga yawo yatsamira pamtengo wa mango, eti abwera kudzasintha pang'ono. Ulendo wina anawonjezera chigongono, ulendo wina anatalikitsa mkono, ndipo nthawi zonse sikirini inkasendera kufupi ndi nkhope ya Hidaya. Ndikalowa, nkhani yawo inkadukira pomwepo. Ndinamufunsa Hidaya kuti kodi khosi lake lokha ndi limene silikhazikika m'Mangochi monse muno? Anangoyankha kuti, "Che Bakali amaona munthu." Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ine amene ndinamumangira nyumba, bedi ndi tebulo sanandinenepo choncho, ndipo ndinayamba kuopa kuti mtima wa mkazi wanga ukuchoka m'nyumba mwanga ine ndili momwemo.

Ndinaganiza zowagonjetsa pa ntchito yawo yomwe. Ndinatseka shopu n'kupanga khosi langa la matabwa, lokhala ndi timaenje ndi kachikhomo kosinthira, lopakidwa vanishi mpaka kuwala. Linali lokongola kuposa makosi onse a Che Bakali kuwaphatikiza pamodzi. Ndinazula chitsulo chawo n'kumanga langa, ndipo Hidaya sanatsutse. Linagwira ntchito bwino mpaka mvula yoyamba. Chinyontho chitalowa, thabwa linafufuma n'kukanirira pamwamba, osatsika ngakhale ndi hamala. Amene anabwera kudzalichotsa n'kubwezerapo chitsulo chija ndi Che Bakali omwewo, ndipo m'malo mondiseka analisisita n'kunena kuti akanakhala ndi manja ngati anga sakanapita ku Joni. Akanandinyoza bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyambira ndewu. Munthu wokutamanda pamene wagwa ndi wovuta kudana naye, koma ine ndinayesetsa.

Mapeto ake ndinawatsatira kwa Davide. Ndinawapeza atavala magalasi akuda, akuthandiza kuwotcherera, ndipo ndinawauza pamaso pa anthu kuti njinga yawo yaizolowera kwambiri njira ya kwathu. Anavula magalasi aja n'kundikokera pambali.

"Amisiri, khosi ndinamanga lija silinalakwe, ndipo ine sindinakulakwireni," anatero. "Koma pali zina zimene sipanala siingamange. Pitani mukakhale pansi ndi alamu, muwayang'ane."

"Ndiwayang'ane? Mkazi amene ndakhala naye kuyambira inu musanadziwe kumene kuli Joni?"

"Eya, omwewo. Muwayang'ane bwinobwino."

Ndinachoka magazi akuwira. Telala wolephera azindiphunzitsa ine kuyang'ana mkazi wanga? Nditafika kunyumba sindinakhale pansi ndi munthu. Ndinaima pakhonde n'kulankhula mokweza, ngati ndikuuza mtengo wa mango, kuti chipembedzo chathu sichiletsa mwamuna kutenga mkazi wachiwiri, ndipo ku Makawa kuli mayi wina wamasiye wa khosi labwinobwino losafuna kusinthidwa mwezi ndi mwezi. Mayi wamasiyeyo kunalibe, ndinamupanga pomwepo, ndipo ndimaonabe kuti pa nthawi imeneyo pakamwa panga panali ndi luso kuposa manja anga. Mkati makina otaipira anasiya kulira. Dzina la Che Bakali linasiya kumveka m'nyumba mwathu, koma njinga ija sinasiye kubwera.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Anapita ku Namwera kukamanga makosi pasukulu ina, pobwerera anakwera pamwamba pa lole ya chimanga, ndipo mphepo ya m'phiri inawalowa m'chifuwa. Kuchipatala sanakhaleko nthawi yaitali. Mayi Abiba amanena kuti mawu awo omaliza sanali a chuma kapena a ana. Anayang'ana kamakina kokhala ndi sikirini kamene kanali pambali pa bedi, n'kuyang'ana namwino amene ankakawerenga atakweza chibwano, n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, akutsitsireko pang'ono kameneka, ukalamba msanga."

Anatisiya m'mawa, ndipo monga mwa mwambo wathu tinawaika madzulo a tsiku lomwelo. Sindinaonepo amayi ochuluka chonchi pamaliro. Anadzaza bwalo, kudzaza kwa aneba, mpaka kutsekereza msewu. Koma kumanda amayi sapita, ndiye amene anawakonda anatsala, ndipo onyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, tinali ife, amuna a pabawo, aliyense ndi kachifukwa kake mumtima. Itafika nthawi yanga yolowa paphewa, mbali inayo kunali msodzi wina wamfupi, pamene ine ndine wamtali. Jeneza linapendekeka, ndipo ndinamva thupi likusendera mbali imodzi. Ndinapinda mawondo mpaka phewa langa litafanana ndi la msodzi uja, n'kuyenda choncho ngati bakha mpaka wina atandilandira. Musaganize kuti chinali chikondi. Ndinkangomva mawu awo m'khutu akundiuza kuti nditsike pang'ono. Nditabwerera kunyumba, Hidaya anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati tinawanyamula mowongoka. Ndinati inde, ndipo anandithokoza ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamve kwa miyezi yambiri. Ngakhale zikomo ameneyo ndinamupeza chifukwa cha Che Bakali.

Ndinkayesa kuti tsopano nyumba yanga yabwerera kwa ine, koma Hidaya sanabwerere mwakale. Ntchito anayamba kuibweza, eti watopa. Masana ena ndinalowa mu ofesi yake mwakachetechete n'kupeza khosi lija lakhwefuka pachigongono, sikirini yazolika. Iye anali ataichirikiza ndi dzanja limodzi, akutaipa ndi linalo, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda galasi. Sanandimve n'komwe. Ndinakatenga sipanala, ndipo popeza panalibenso wina wondiona, ndinachita zimene ndinkawaseka nazo bambo aja. Ndinakankhira sikirini pambali n'kunyonyomala patsogolo pake, mawondo akulira.

"Mayi a Zena, khalani mmene mumakhalira," ndinatero.

Anayesa kuyang'ana kumbali, koma ndinadikira. Atatembenuka, kuwala kwa pawindo kunagwera pankhope pake, ndipo ndinaona. M'kati mwa diso lakumanzere munali kamtambo koyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo kudiso lakumanja kanali katayambanso. Inali ng'ala, ndipo sinali ya dzulo kapena dzana.

Anandiuza zonse atagwira m'mphepete mwa tebulo. Che Bakali anaiona tsiku loyamba lomwe lija, ndipo mawu amene ananong'ona anali oti apite kwa dokotala wa maso ndiponso andiuze ine. Hidaya anawalumbiritsa kuti asaulule. Ankaopa kuti makasitomala akamva kuti wotaipa sakuona athawa, ndipo ankaganiza kuti andiuza akalimba mtima. Ulendo uliwonse Che Bakali ankasendeza sikirini kufupi kuti ntchito ipitirire, ndipo ulendo uliwonse funso lawo linali lomwelo, ngati amisiri auzidwa. Hidaya akuti panali tsiku limene anatsimikiza kuti andiuza madzulo ake, ndipo ndi tsiku limene ine ndinaima pakhonde kulalikira za mayi wa ku Makawa.

"Ndinaganiza kuti ngati mukufuna wina ndili ndi maso, nanga mukamva kuti akutha?" anatero. "Ulendo womaliza Che Bakali anandiuza kuti khosi lafika pothera, sangalitalikitsenso. Anati kuchokera apa ndi ntchito ya dokotala ndi ya amuna anu."

Ndinamuuza kuti ku Makawa kulibe mayi wamasiye aliyense, kapena ngati alipo ine sindikumudziwa. Anati ankadziwa kale kuti kulibe, chifukwa palibe mayi wamasiye wanzeru amene angandilole, koma mantha safunsa zimenezo. Tinaseka pang'ono, kenako tinasiya. Ndinakhalabe pansi pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi, ndipo mumtima mwanga munali zinthu ziwiri, chisoni ndi mkwiyo. Mkwiyowo unali wa kwa Che Bakali. Munthu wa kunja, wodzera pa njinga ndi kachikwama ka masipanala, anaona m'maso mwa mkazi wanga chimene ine wogona naye nyumba imodzi sindinachione, ndipo anapita kumanda ali nacho m'kamwa osaulula.

Madokotala a maso atabwera pachipatala, ndinamuperekeza ndekha. Anayamba ndi diso lakumanzere. M'mawa mwake atachotsa bandeji, Hidaya anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti sankadziwa kuti ndakalamba chonchi. Pobwerera tinakana kabaza, anati akufuna kuyenda pansi kuti aione tauni. Tinadutsa pamaofesi, pamashopu otaipira, pamabebashopu, iye akusuzumira paliponse ngati mlendo. Makosi a Che Bakali analipo, abuluu ndi ofiira, koma ambiri anali atazolika. Davide kuwotcherera amatha, koma kuyeza munthu sadziwa, ndipo palibe wina amene angayerekeze kunyonyomala patsogolo pa mkazi wa mwini. Njerwa ndi mitolo ya mapepala zinali zitabwerera pansi pa masikirini. Kalaliki wa mandasi uja khosi lake linakanirira m'mwamba, ndipo mzere wake unali utatulukiranso panja. Atsikana a m'maofesi ankagwira ntchito mitu ili pansi, wina akudzisisita kuseri kwa khutu.

"Tauni yonse yawerama," anatero Hidaya.

Tinakhota njira n'kudzera kwa mayi Abiba, chifukwa Hidaya ankafuna akawaonetse diso. Amayi awiriwo anakumbatirana n'kulira, ine n'kutsala panja pafupi ndi njinga ija, matayala ake ataphwa. Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawakonzera mwini wake. Ndinkafuna ndiwafunse kuti anali ndani iwo kuti adziwe mkazi wanga kuposa ine, ndiwauze kuti mabowo amene anaboola pa mbawa yanga ndi okhota, ndipo mwina pamapeto pake ndinene mawu ena amene sindikuwadziwa bwino katchulidwe kake. Masiku ano m'mawa uliwonse ndine amene ndimanyonyomala patsogolo pa Hidaya kusintha khosi lija, ndipo amati ndikuyesetsa, ngakhale Che Bakali sankachedwa choncho. Nsanje yanga ilipo yonse, sinachepe ngakhale pang'ono. Ndikamadutsa pamsika ndimayendabe pang'onopang'ono pamalo amene tinkakumana, nditakonzeka kuwayankha mwamwano, koma palibe amene amandifunsa za khosi.